Mwera pathabwa

Bambo anga anakayang'ana kasitimako nthawi yaitali osanena kanthu. Kumudzi ku Nkhotakota foni anagwira ndi mlongo wanga, ine kuno ku Cape Town ndikuyendetsa yanga pang'onopang'ono, kuyambira kumphuno kwa sitima mpaka kumbuyo, kuti aone zonse: chumuni, mlongoti, kamfuti kakutsogolo, tianthu khumi toimirira pamwamba. Inali ntchito ya miyezi 14, yogwira usiku ndikaweruka. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira.

"Sitimayo wakhoza," anatero. "Nanga madziwo ndi akuti?"

Ndinati ndi a kunyanja kwathu konko.

"Kwathu kuti?"

Mlongo wanga anaseka mpaka foni inagwedezeka, ine kuno n'kumangoona malata a denga ndi nthambi ya mango. Bambo sanaseke.

Kuti mumvetse chimene chinandiwawa, ndiyambe ndanena mmene mwana wa msodzi anafikira pomaseweretsa tisitima imvi zitayamba kale kumera.

Ndinafika ku South Africa mu 2010. Ndinayamba ndi maganyu a m'magadeni ngati anzanga ambiri, kenako ndinapeza ntchito yosamalira madala ena ku Fish Hoek, amene pa unyamata wawo anali msilikali wapamadzi ku Simon's Town, kamtunda pang'ono kuchokera pamenepo. Chipinda chimodzi m'nyumba mwawo chinali chodzaza ndi zidole za sitima zankhondo zimene anapanga okha kwa zaka makumi anayi. Pamene ndinkafika n'kuti nthenda yonjenjemera itawalanda zala. Maso anali nawo, nzeru zinali zonse, koma akatola kachitsulo kakang'ono kankawapulumuka n'kugwera pansi, iwo n'kutukwana. Tsiku lina ndinawatolera, ndipo m'malo mowapatsa ndinakaika ndekha pamene kankayenera kukhala. Ndili mwana ndinkapanga magalimoto amawaya ndi timabwato tachiwale, choncho tinthu ting'onoting'ono sitinali tachilendo ku zala zanga. Kuyambira tsiku limenelo iwo anali mutu, ine manja.

Zidolezi zimabwera m'katoni zili tizidutswa tapulasitiki, iwe n'kumata, kupala, kupenta. Zili ndi muyeso wake. Pakatoni akalemba 1:700, ndiye kuti sentimita imodzi pachidole ikuimira mamita 7 pasitima yeniyeni. HMS Hood, sitima ya ku Britain yotalika mamita 262, imatsala masentimita 37, yosakwana n'komwe mkono, ndipo msilikali woimirira pamwamba pake amalingana ndi kambewu ka chitowe.

Anthu a luso limeneli ndi ogawikana pawiri. Ena amamanga sitima yonse, ndi mimba yake yomwe, n'kuikhazika pa timizati tiwiri tamkuwa kuti munthu aone chiwongolero ndi zopalasira za pansi. Ena amaidula pamzere pamene madzi amalekeza n'kuikhazika pathabwa limene aumbapo nyanja. Makampani a ku Japan monga Tamiya anayamba mu 1971 kugulitsa sitima zodula kale chotere. Madala anga anali a gulu lachiwirili, ndipo pa nkhaniyi sankanyengerera munthu. Ine poyamba ndinkaona ngati ndi mkangano wa anthu okhuta. Ndinadzamvetsa pambuyo pake. Sitima ya pamizati ili ngati chambo pathandala: mamba onse ungawawerenge, koma sungadziwe mmene chimasambira. Ndiponso yapamizati sikufunsa funso lililonse. Hood ya pamizati ndi Hood ya masiku onse, kuyambira 1920 mpaka kutha kwake. Ukangoti uiike pamadzi, uyenera kuyankha: madzi akuti, tsiku liti, nthawi yanji, mphepo ikuchokera kuti? Ikhoza kukhala Hood ya mu Disembala 1923, ikulowa mwaulemu mu Table Bay, anthu a m'tauni muno atabwera kudzaionerera. Ikhozanso kukhala Hood ya m'mawa wa pa 24 Meyi 1941, pakati pa Greenland ndi Iceland, patangotsala mphindi zochepa kuti chipolopolo cha Bismarck chiiphulitse, mwa anthu 1,418 n'kupulumuka atatu okha. Amene amakuuza kuti ukuyang'ana iti mwa ziwirizi ndi madzi.

Kuumba madzi n'kovuta kuposa kumanga sitima, chifukwa sitima imabwera ndi pepala la malangizo pamene madzi alibe. Madala anandiphunzitsa kuyamba ndi zoyera zopepuka zija amatchingira nazo firiji m'katoni. Umazisema ndi lezala kuti pakhale zitunda ndi zigwa za mafunde aakulu. Pamwamba umayala mapepala ofewa a kuchimbudzi onyowetsa ndi guluu wa akalipentala, n'kumawakankha ndi burashi kuti achite makwinya. Ena amakonda foyilo yokulungira chakudya, ataifinya n'kuitambasulanso. Zikauma umapenta, kuyambira mtundu wakuda kwambiri kupita kowala. Kenako umapaka phala lina loyera ngati mkaka, limene likauma limaonekera mkati ngati galasi, ndipo umapaka kawiri, katatu, kanayi, kudikira kuti loyamba liume usanaike linzake. Thovu limabwera pomalizira, penti yoyera ndi timaulusi tathonje, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera. Dzanja limangofuna kuwonjezera. Ukapitiriza pang'ono pokha, sitima imaoneka ngati yagwera m'beseni la sopo.

Ndinawonongapo zambiri. Tsiku lina madala ali mtulo ndinati ndiwadabwitse, n'kuthira rezini, mankhwala amadzimadzi aja osakaniza mitundu iwiri amene amauma gwa ngati galasi. Palibe anali atandiuza kuti akamauma amatentha. Ndinathira ochuluka nthawi imodzi, anasungunula zoyera zapansi zija n'kupinda kasitima kamene tinakamanga miyezi itatu. Madala atadzuka anakayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti chabwino, tsopano tili ndi sitima yowomberedwa. Tsiku limenelo nsima sinalowe.

Chimene ndinachikonda koposa ndi nkhani ya mafunde amene sitima imasiya m'mbuyo, aja amatseguka ngati mphanda ya legeni. Lord Kelvin, wasayansi wa ku Glasgow, anasonyeza mu 1887 kuti pamadzi akuya mphandayi imatseguka mofanana, madigiri 19 ndi theka mbali iliyonse, kaya wadutsa ndi bakha kaya ndi sitima yankhondo. Chimene chimasintha ndi mpata wa pakati pa mafunde opingasa amene ali m'kati mwa mphandamo. Sitima yoyenda makilomita 18 pa ola imasiya mafunde otalikirana mamita 16, ndipo ikawirikiza liwiro mpatawo umakula kanayi. Ndiye munthu wodziwa akayang'ana thabwa lako amawerenga liwiro la sitima ngati akuwerenga nyuzipepala. Ukaika kutsogolo thovu la sitima yothamanga, kumbuyo n'kuika mafunde a sitima yoyenda mwaulesi, wagwidwa bodza.

Zaka zisanu ndi zitatu ndinaumba nyanja za eni: Atlantic yotuwa ngati phulusa, Pacific yabuluu wowala, Mediterranean yabata. Ndikatumidwa kokagula buledi ndinkaima pagombe la Fish Hoek kuonerera mmene funde limanyamukira, mmene thovu limatsalira m'mbuyo mwake ngati ukonde wong'ambika. Ndinkatha kuima pamenepo theka la ola mtima uli m'malo. Madzi amenewo sanandilandepo munthu.

Madala anamwalira mu 2019. Mwana wawo wamkazi anagawira anzawo zidole zija, ine anandipatsa bokosi la zipangizo ndi nyali yokhala ndi galasi lokulitsa zinthu. Bokosilo linakhala pansi pa bedi chaka chathunthu. Tsiku limene ndinalitsegula ndinadziwa kuti sindikufunanso Bismarck kapena Yamato. Ndinkafuna Guendolen.

Amene munafikako ku Mangochi mukuidziwa mfuti ija ili pafupi ndi nsanja ya wotchi, cha kumlatho wa Shire. Ine ndinaiona ndili Fomu 2 pa ulendo wa sukulu, ndipo tinkalimbirana kuikwera pamsana. Ndi mfuti ya mtundu wa Hotchkiss yochokera pa Guendolen, sitima ya boma la atsamunda yotalika pafupifupi mamita 41, imene inasulidwa ku Britain, n'kubwera zidutswazidutswa, n'kudzalumikizidwa pa Fort Johnston, Mangochi wa lero, chakumapeto kwenikweni kwa zaka za m'ma 1800. Inkayendera nkhuni. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangobuka ku Ulaya, kaputeni wake Edmund Rhoades analamulidwa kukasaka sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Anakaipeza kutsidya, ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, ataikokera kumtunda kuti aikonze, ndipo anaiwombera ili pomwepo. Kaputeni wa Chijeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, ndipo uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Nkhani imati anapalasa kabwato kubwera pa Guendolen atapsa mtima, kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Anamugwira ukaidi pomwepo.

Nkhaniyi anthu amaikamba moseka, ndipo n'zoona ndi yoseketsa. Ine imandiseketsa theka. Kuwombera kumene kuja n'kumene kunapatsa Angerezi nyanja yonse, n'kuyamba kututa asilikali kupita nawo kumpoto, kumene pa 9 Seputembala anakamenyana ku Karonga. Ambiri amene anagwa kumeneko, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda. Patangopita miyezi iwiri John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akwathu akufera nkhondo ya eni. Kenako inadza ntchito ya mtengatenga, imene agogo athu ankaitchula pamodzi ndi nkhondo imene ankati ya Chiwaya. Pabanja pathu pamakambidwa kuti agogo awo a bambo ankadula nkhuni zogulitsa kusitima zikaima pa Nkhotakota. N'chifukwa chake pa kasitima kanga mzungu alipo mmodzi pamalo a kaputeni ndi wina pamfuti, ena onse ndi anthu akuda, awiri atawerama pamulu wa nkhuni. Tianthu togulitsa m'sitolo tonse tinali ndi zipewa za asilikali apamadzi a ku Ulaya. Ndinapala zipewazo ndi tupa n'kupenta nkhope.

Guendolen sindinaipeze m'katoni m'sitolo iliyonse. Ndinaisema ndekha pa muyeso wa 1:100, masentimita 41, munthu n'kutalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinatsata zithunzi zakale, ndi zina zimene msuweni wanga anakandijambulira kunyumba yosungirako zakale ya ku Mangochi, kumene anamangako chifanizo cha kutsogolo kwa sitimayi ndi malo oimapo kaputeni. Mlongoti ndi sipoko ya njinga. Nkhuni ndi timitengo ta machesi. Nditafika pamadzi sindinaganize kawiri. Ndinasankha kuionetsa ili pakati pa nyanja, ikuwoloka kuchokera ku Nkhata Bay kulunjika ku Liuli, ndipo manja anga anachita zimene anazolowera. Masabata awiri anakwana.

Amenewo ndiwo madzi amene bambo anawakana. Chibadwire sanaionepo nyanja yamchere, koma anaizindikira.

"Mafunde akowo ndi aulesi," anatero. "Akuyenda ngati ng'ombe zokhuta, lina apa, lina uko. Wati ndi mwezi wanji umenewu?"

"Ogasiti, bambo."

"Ogasiti ndi mwera. Mafunde a mwera amapanikizana ngati mbuzi potuluka m'khola. Ili lisanakutsike, linzake lakukwera kale. Ndipo thovu lakolo lachuluka. Lathu silikhalitsa. Limangoti mbee, kenako zii."

Ndinafuna kuwatsutsa ndi Kelvin, koma Kelvin analibe mlandu ndi zimenezi. Zonse zimene ananena zinali zoona. Mafunde aakulu amene amafika ku Cape amabadwira kutali, m'namondwe wa kunyanja yakummwera, ndipo pofika kuno amakhala atayenda makilomita zikwi zingapo, atatambasuka, misana itasalala. Nyanja yathu ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, m'lifupi pamene yakula kwambiri n'kukhala cha m'ma 75. Funde lake ndi mwana wa mphepo ya tsiku lomwelo, lalifupi, loimirira, laukali. Za thovu nazo zili ndi chifukwa chake: m'madzi amchere timathovu ting'onoting'ono sitilumikizana msanga, choncho zoyerazo zimakhalitsa, pamene m'madzi opanda mchere timaphatikizana n'kuphulika nthawi yomweyo. Ngakhale mtundu ndinalakwa. Ndinaika wotuwa mobiriwira, bambo n'kunena kuti kumene ndati kuli sitimako ndi kwakuya, madzi ake ndi akuda ngati buluu wochapira asanamusungunule. N'zoona, mbali yakumpotoyo ndi kumene nyanja imazama mpaka mamita 700.

"Tasendeza foni kuchumuniko. Utsiwo ukupita kuti?"

Utsi wanga, thonje lopenta, unkapita kumbuyo ndendende, monga amajambulira ana kusukulu.

"Wati ikuchoka ku Nkhata Bay kupita kutsidya chakumpoto? Ndiye mwera ukuimenya m'nthiti ya kumanja. Utsi uyenera kugwera kumanzere, sitima nayo itapendekera komweko. Iwe utsi ukunena zina, mafunde akunena zina. Wabodza ndani?"

Usiku umenewo sindinagone. Kulakwa kokha sikukanandisowetsa tulo, ndinalakwapo kambiri madala ali moyo. Chinandiwawa n'chakuti zonsezi ndinkazidziwa. Ndinabadwira pamchenga umenewo, ndinaphunzira kugwira nkhafi ndisanaphunzire kugwira pensulo. Mwera, mpoto, vuma, zambwe, ndinkazisiyanitsa ndi khungu la pankhope maso ali otseka. Koma ndinaleka kuiyang'ana nyanja mu Julayi 2009, ndipo manja anga atafuna madzi anakatenga amene maso anali kuwalola.

Achimwene anga, oyamba kubadwa, anali siginala pa chilimira cha eni. Kwa inu amene simuli akunyanja: usipa amaupha usiku, mabwato awiri atagwira ukonde, ndipo munthu mmodzi amatsogola yekha m'kabwato kakang'ono kokhala ndi nyali, kuitana nsomba ndi kuwala n'kuzikokera pakamwa pa ukonde. Ameneyo ndiye siginala. Amalandira zambiri kuposa anzake chifukwa ndiye amadziwa madzi. Usiku wina mwezi umenewo mwera unadzuka pakati pausiku. Mabwato ena aja anasiya ukonde n'kuthawira kumtunda. Kabwato ka achimwene kanapezeka patapita masiku awiri, kutali chakumpoto, katatembenuzika. Iwo sanapezeke. Tinalira maliro opanda mtembo. Chaka chotsatira ndinakwera basi ya ku Joni, anthu n'kumati ndathawa umphawi, ine osawatsutsa. Maulendo atatu amene ndapitako kumudzi, kugombe sindinatsikeko. Ndipo ine ndi bambo sitinakambepo za usiku umenewo ngakhale kamodzi. Tinkakamba za feteleza, za malata, za mwendo wa mayi.

M'mawa mwake ndinatenga tchizulo n'kugumula nyanja yonse.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse madzulo ndinkatumizira mlongo wanga ya bandulo, bambo n'kukhala pampando wawo kuseri kwa nyumba ndi kamtengo m'manja, kujambula mafunde pansi. Nyanja yanga yachiwiri anaikananso. Ndinali nditapanikiza mafunde monga ananenera, koma ndinawandanditsa mofanana, lililonse msinkhu umodzi ndi linzake. Anati ndalima mizere ya chimanga. "Mwera sulima. Amabwera anayi, asanu aang'ono okunyengerera, kenako awiri kapena atatu aakulu motsatana. Amene amapha ndi amenewo." Anangonena choncho n'kupitiriza kujambula.

Lamlungu lachitatu, n'kuti tili mu Julayi, anaimirira n'kuuza mlongo wanga kuti, "Tiye nayo foniyo kugombe." Ndinamva masilipasi ake akuwomba pamchenga, ndinamva mphepo ikukalipa m'kamaikolofoni, kenako nyanja inadzaza kagalasi kanga konse. Ndinali nditakhala pabedi m'kachipinda ka lendi, makilomita zikwi kuchokera pamenepo, koma ndinagwira m'mphepete mwa matiresi ngati ndili m'bwato.

"Usaone onse," anatero bambo. "Sankha limodzi, ulitsate mpaka life."

Ndinasankha limodzi. Msana wake unali wosalala, nkhope yake yotsetsereka ndi yamakwinya. Linakwera, mutu wake unayera kanthawi kochepa, mphepo n'kuumeta n'kuuponya kutsogolo, ndipo pamene panali thovu panangotsala timizere toonda totsata kumene mphepo ikupita. Kutali kunalibe mzere wolekanitsa madzi ndi thambo. Utsi wa moto wa m'tchire unali utameza mapiri a kutsidya, monga umachitira chaka chilichonse nyengo imeneyi. Ndinatsata lachiwiri, lachitatu, mpaka bandulo inatha.

Nyanja yachitatu inanditengera miyezi iwiri. Mafunde aakulu ndinawapatsa masentimita awiri, ndiye kuti mamita awiri, atatu okha pathabwa lonse, ena onse ocheperapo ndi osalingana. Ndinawasema mopingasa kuti azimenya sitima kumanja, n'kuika kamphero pansi pake kuti ipendekere kumanzere. Mphanda ya Kelvin ija ndinaisunga mbali ya kumanzere, kumene thupi la sitima likutchinga mphepo. Mbali ya kumanja ndinaiphwanya, chifukwa mafunde a mwera amaidya. Utsi ndinaumanganso pa kawaya, wogwera kumanzere ndi kumbuyo pang'ono. Thovu ndinaika ndi nsonga ya singano, ndipo theka la limene ndinaika ndinalichotsanso. Ndinaimizanso sitima pang'ono kuposa kale, popeza madzi opanda mchere sanyamula ngati amchere. Kusiyana kwake pathabwa langa sikukwana milimita imodzi ndipo palibe amene angakuone, koma ndinatero.

Masabata amenewo bambo ankalankhula kuposa mmene ndinawamvera moyo wanga wonse, koma nthawi zonse ngati akungondiphunzitsa ntchito. "Funde lotere likakupeza m'mbali, imayamba kuzima ndi nyali." Tsiku lina anati, "Ukakhala wekha m'bwato laling'ono sungapalase ndi kukapa madzi nthawi imodzi. Uyenera kusankha." Dzina sanatchule. Nanenso sindinatchule. Mlongo wanga ndiye anandilembera usiku wina kuti tsiku lija bambo anasonkha moto pagombe n'kuusunga mpaka kunacha, kuti ngati achimwene akuona kumtunda adziwe kolowera, ndipo anachitanso chimodzimodzi usiku wotsatira. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Lilongwe kofuna ntchito. Ndinafika moto utazima kale, ndipo palibe anandiuza za motowo zaka zonsezi.

Nditawaonetsa nyanja yachitatu anauza mlongo wanga kuti ayandikitse foni kumaso kwawo. Anandiuza kuti nditembenuze thabwa, ndiliyang'anitse kuwindo, ndilitembenuzenso.

"Eya," anatero. "Awa ndi athu."

Ndikanalekera pomwepo. Koma anthu a luso limeneli amalangiza kuti pafupi ndi sitima yaikulu uziika kanthu kakang'ono kodziwika, kuti diso lipeze poyezera. Ndinadziuza kuti ndikutsata malangizo amenewo. Ndinasema kabwato ka masentimita asanu, n'kuikamo kamunthu kamodzi kogwira nkhafi, ndipo ndinakakanikiza m'phala lija lisanaume, pakona ya thabwa, mphuno italoza kumafunde monga achitira munthu wodziwa madzi.

Lamlungu lotsatira ndinayendetsa foni mpaka pakonapo n'kuima. Kumudzi kunali zii, tambala yekha akulira kwa aneba.

"Kabwatoko ukachotse."

"Bwanji, bambo? Ndakalozetsa bwino."

"Wakalozetsa bwino. Koma tsiku lotere munthu sapita panyanja." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Madzulo aja mitambo inali itanena kale. Ndinamuuza. Koma ndinamuuza kamodzi kokha, ndili chikhalire pampando pompano. Ndikanaimirira."

Foni inatembenuka, ndinaona mchenga ndi zala za kumapazi za mlongo wanga. Ndinamva akuti, "Basi, bambo, basi." Ine ndinalankhula mawu ena amene sindikuwakumbukira, ndipo sindikhulupirira kuti anamveka. Koma Lamlungu linalo anandifunsa okha ngati ndikukumbukira mmene achimwene ankaimbira mluzu akamabwera ndi usipa wambiri, ndipo anawatchula dzina.

Kabwato ndinakachotsa. Phala linali litauma, choncho pamene kanali panatsala kadzenje kooneka ngati njere ya nkhaka. Ndinagula botolo lina la phala kuti ndikwirire. Lili pawindo, chitsekere.

Chaka chatha ndinapita nalo thabwalo ku chionetsero cha anthu opanga zidolezi, m'holo ina kuno. Patebulo panali ma Bismarck anayi ndi sitima zonyamula ndege ziwiri zazitali ngati chitseko. Ambiri odutsa anali asanamvepo za Guendolen, ndipo ndinafotokoza nkhani ya Rhoades ndi Berndt mpaka kukhosi kunauma. Woweruza, bambo wina wa ndevu zoyera, anawerama ndi katochi nthawi yaitali. Anafunsa kuti ndi nyanja iti, chifukwa mafunde otere anali asanawaonepo pathabwa. Kenako katochi kanaima pakona paja. Anandiuza mokoma mtima kuti apa phala linaphwa, zimachitika, n'zosavuta kukonza, n'kulemba papepala lake. Anandichotsera mamalikisi awiri, ndinakhala wachitatu.

Nditawauza bambo anafunsa ngati wachitatu amalandira kanthu. Ndinati satifiketi. Anati imeneyo nditumize ndi aliyense wobwera kumudzi, koma thabwalo ndibwere nalo ndekha mu Julayi, tikaliike pamchenga aone ngati likufananadi. Ndayamba kukhoma bokosi lake, masentimita 70 m'litali ndi 40 m'lifupi, loti ndidzalinyamule pamiyendo m'basi, chifukwa kumalo a katundu sindingaliike.